Gudumu logwedera ndi zala ziwiri za alamu anga

Anzanga a mota, oyendetsa njinga zamoto, zikomo pondipatsa mpata pamsonkhano uno. Ena mukundiyang'ana ndi diso la kumbali, ndipo sindikukuimbani mlandu, chifukwa munalipo tsiku lomwe ndinachita zamanyazi pa parajemu pomwe pano, pamene timadikira makasitomala. Kwa amene simundidziwa, dzina langa ndine Bonifasiyo. Ndimanyamula nsomba zouma kuchoka kunyanja ya Amaramba kubwera nazo kumsika wa Mandimba kuno. Ndaimirira kuti ndikuuzeni momwe ndinathamangitsira mkazi wanga panyumba chifukwa cha gudumu lakumbuyo la njinga. Ngati pali wina pano amene njinga yake yayamba kulira ndipo wayamba kale kuwerenga mayina a adani ake mumtima, atchere khutu.

Njinga ija tinagula awiri chaka chomwe nandolo anachita bwino, ine ndi alamu anga a Matiyasi, achimwene ake a mkazi wanga Lusiya. Tinagwirizana kuti Lolemba mpaka Lachitatu ikhale yanga ya nsomba, Lachinayi mpaka Loweruka ikhale yawo yonyamula anthu. Lamulungu izipuma. Chaka chathunthu tinayenda choncho osakangana.

Mukudziwa nonse momwe mlamba wowamba umachitira. Mafuta ake amadontha m'madengu, kutsikira pampando, pamasipoko, mpaka patcheni. Mayi wovala bwino wopita kuchipatala sangakwere njinga yonunkha choncho. Ndiye Lachitatu lililonse, ndikangotsitsa katundu kumsika, sindinkapuma n'komwe. Ndinkalunjika kumtsinje kumunsi kwa tawuni, kuilowetsa njinga m'madzi mpaka pakati pa magudumu pamire, n'kuikhula ndi sopo waufa. Ndinkaipereka kwa alamu ikuwala. Iwo ankangoipukuta ndi kansanza konyowa, n'kundibwezera ili ndi fumbi m'makona. Mumtima ndinkati bamboyu ndi waulesi.

Ine ndinabadwa wokayikira, zimenezo ndisabise. Munthu akandipatsa moni kawiri tsiku limodzi ndimayamba kudzifunsa kuti akufuna chiyani. Ndiye njinga itayamba kulira kumbuyo, kulira kwa pansipansi ngati chigayo chili patali, mutu wanga sunapite kuchitsulo. Unapita kwa munthu. Ndinazindikira kuti vutoli limamveka kwambiri Lolemba, tsiku lomwe ndailandira kuchoka kwa alamu. Zoti Lolemba ndi tsikunso lomwe ndimaisenzetsa madengu atatu olemera, sindinaziganizire n'kamodzi komwe.

Kenako inayamba kugwedera. Pokhota, kumbuyo kunkachita ngati kukufuna kupita kwake. Ndinakunga tcheni mpaka kuuma gwa, sizinathe. Ndinagula tayala latsopano, sizinathe. Ndinayamba kukhala pabaraka madzulo ndikaweruka, kachasu patsogolo, kudandaulira aliyense wofuna kumva. Anzanga a pabarakapo sanachedwe kundithandiza nzeru. Anati masiku ano anthu amamasula zitsulo zenizeni za njinga, kukagulitsa ku Chiponde kutsidya kwa malire, n'kuikamo zabodza. Anandifunsa ngati sindinaone kuti alamu agula nsapato zatsopano. Ndinali nditaziona nsapatozo.

Ndinatenga kabotolo ka Lusiya ka utoto wofiira wopaka m'zikhadabo, n'kudontheza panati iliyonse ya gudumu lakumbuyo, kuti munthu akamasula, utotowo usweke. Lolemba ndinagwada pansi kuyang'ana nati imodziimodzi. Utoto wonse unali bwinobwino. Munthu wamutu wabwino akanalekera pomwepo. Ine ndinati, ohoo, ndiye kuti akamasula akumapakanso wina. Nanga utoto wofanana ndendende akuutenga kuti? Ndinapita kukayang'ana kabotolo kaja, ndinapeza katsika. Kanatsika chifukwa Lusiya anapaka popita kuukwati wa mnzake, koma ine ndinaona umboni woti mlongo ndi mchimwene wake agwirizana zondiyenda pansi.

Nditamufunsa, Lusiya anati, "Bambo a Tereza, mukudwala inu. Achimwene angabe bwanji panjinga yomwe ndi yawo yomwe, imene amakwerapo okha?"

Ndinamuyankha kuti wakuba sasowa womuikira kumbuyo. Masabata awiri sindinadye chakudya chake, ndinkati mwina andithirira zondipusitsa. Ndinkabisa makiyi m'sokosi. Ana akaseka pakhonde ndinkaganiza kuti amva amayi awo akundinena.

Loweruka lina masana ndinabwera pano nditaledzera. A Matiyasi anali atakhala panjinga, akudikira kasitomala. Ndinawatchula wakuba pamaso panu nonse. Iwo sanakweze mawu, anangoti tikakambirane kunyumba, dzanja lawo lili pachiwongolero. Ndinali ndi sipanala m'thumba lakumbuyo. Ndinawamenya nayo padzanja lamanja, zala ziwiri zinathyoka, cholozera ndi chapakati, zomwe munthu amakokera buleki. Ena mwa inu ndi amene munandigwira. Ndinagona masiku awiri m'chitolokosi cha apolisi, ndipo amene anakanditulutsa ndi a Matiyasi omwewo, dzanja lili m'chikhakha, kuwauza apolisi kuti ndi nkhani ya m'banja.

Nditafika kunyumba ndinapeza zii. Lusiya anali atatenga ana awiri aja kupita kwawo ku Ngauma. Kwa mayi oyandikana nafe anasiya uthenga umodzi wokha, woti ndikadzapeza chimene achimwene ake anaba, ndidzapite nacho kwawo ndikaonetse amalume ake. Popanda chimenecho ndisadzaponde pakhomo pawo.

Mukuganiza kuti ndinalapa? Ayi ndithu. Ndinati chabwino, umboni akuufunawo ndiupeza. Njinga tsopano inali m'manja mwanga ndekha sabata yonse, nsomba ndi anthu omwe, ndipo Lachitatu ndinkaisambitsabe mumtsinje muja. Inkagwedera moposa kale. Ndinkadziuza kuti ndi zitsulo zabodza zija zikutha. Amakaniko a kuno sindinawafune, ndinkati onse amamwa tiyi ndi alamu, adzawabisira. Mayi wina wogula nsomba ndi amene anandiuza za mkulu wina ku Cuamba, a Kasimiro, amene anagwira ntchito zaka zambiri yokonza magudumu a mabogi a sitima, tsopano anapuma ndipo amakonza njinga pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa nyumba yawo. Ndinati ameneyo ndiye sadziwa munthu aliyense ku Mandimba, andiuza zoona.

Ndinanyamuka m'mawa. Pamsewu wa phula kulira kuja kunamveka bwino, ndipo ndikawonjezera liwiro nakonso kunkakwera. Ndinafika dzuwa lili pamutu. Ndisanazimitse n'komwe injini bwinobwino, mkulu uja anadzuka pampando, osandipatsa moni, n'kukagusa pakati pa gudumu lakumbuyo ndi kunja kwa dzanja lake. Analichotsa msanga. Anati kunjanji ankayenda m'mbali mwa sitima ikangoima, kugusa choncho gudumu lililonse, ndipo lomwe latentha kuposa anzake ndiye lodwala. Atatero m'pamene anandifunsa kuti ndadzuka bwanji.

Ndinawafotokozera nkhani yonse, ya alamu, ya utoto, ya nsapato. Ndinawauza kuti ndikufuna andichotsere chitsulo chabodzacho ndikachionetse ku Ngauma. Anatenga bokosi la zida. Ine ndinaima pafupi kwambiri, maso ali pamanja awo, kuopa kuti nawonso angandisinthire kanthu. Anaona. Anaika sipanala pansi n'kunena kuti, "Popeza simukhulupirira manja a munthu, mwanawanga, gwirani nokha. Ine ndizingolankhula."

Anandiuza ndiimike njinga pasitandi yapakati kuti gudumu lakumbuyo lilendewere. Ndigwire tayala pamwamba ndi dzanja limodzi, pansi ndi linalo, ndikankhe uku ndikukoka uku. Linachita gwedegwede, ndipo ndinamva kugogoda m'manja mwangamu. Anati ndibwerezenso, koma maso akhale pamkono wachitsulo womwe umagwira gudumu. Mkonowo sunasunthe, ndiye anati vuto silili pamenepo. Anandipatsa sipanala yaying'ono kuti ndigogode masipoko limodzilimodzi, onse analira mofanana, palibe lomasuka. Kenako tinachotsa tcheni pagiya yakumbuyo, ndinazunguza gudumu ndi dzanja. M'malo moyenda mwakachetechete linkachita khwekhwerere, n'kuima msanga. Anati amenewo ndi marolamento, timikombero tachitsulo tokhala ndi timipira m'kati timene gudumu limazungulirapo, omwe anzathu a ku Malawi amati mabering'i.

Mtima wanga unadumpha ndi chimwemwe. Ndinati eya, ndi amenewo anasinthawo.

Ndinamasula ndodo ya buleki ndi kachitsulo kogwira mbale ya buleki, ndinamasula nati yaikulu, utoto wanga wofiira uja n'kusweka koyamba pamaso panga. Ndinasolola mtanda wachitsulo wodutsa pakati pa gudumu. Unali wadzimbiri, unachita kufuna nyundo. Mkulu uja anandiuza kuti timachubu ndi mawashala ndiziike pansanza motsatana momwe zatulukira, cha kumanzere kumanzere, cha kumanja kumanja, kuti pobwezera ndisasokoneze. Gudumu tinaligoneka pamatabwa awiri.

Ndinafuna kuthamangira kutokosa, koma anandigwira mkono. Anati ndiyambe ndayang'ana kalabala kotseka fumbi kamene kamakhala kunja kwa rolamento. Munthu sangafike m'kati osakatokosa ndi sikuludiraiva, ndipo sikuludiraiva imasiya bala pamlomo wa chitsulo. Anandipatsa magalasi awo kuti ndione bwino. Ndinazungulira mlomo wonse kawiri. Panalibe bala, ngakhale kokanda. Litsiro lomwe linamatirira pamenepo linali lakalekale, louma.

Tinachotsa kalabalako. Pakati pa marolamento awiri pamakhala kachubu, anandionetsa kukakankhira pambali ndi ndodo yachitsulo kuti ndodoyo ipeze pogwira, n'kumagogoda kuchokera mbali inayo, pang'ono apa, pang'ono apo, mozungulira, kuti rolamento ituluke mowongoka isawononge malo ake. Yoyamba inagwa pathabwa. Yachiwiri inatuluka yosweka, timipira tina tinamwazika pansi. A Kasimiro anatola yoyamba ija n'kundionetsa mabala atsopano omwe ndodo yanga inasiya. Anandifunsa ngati ndikuonapo ena akale. Panalibe. Anati marolamento amenewa anaikidwa kufakitale, ndipo munthu woyamba kuwakhudza chigulireni njingayi ndine, lero.

Komabe ndinalimbikira, ndinati nanga atha bwanji msanga chonchi ngati ndi enieni?

Anapendeketsa gudumu. M'kati munatuluka madzi ofiira ndi dzimbiri, ndi matope pamene pankayenera kukhala girizi. Anapaka pachala, kutikita, kununkhiza. Kenako anandiyang'ana.

"Muli sopo umu. Ndani amailowetsa m'madzi njingayi?"

Abale anga, dzina la alamu linafika pamlomo penipeni. Lilime linali litazolowera. Koma ndinaona kansanza kawo konyowa kaja, kamene ndinkawanyoza nako, ndipo ndinadziona ndekha ndili mumtsinje, thalauza nditapinda, ndikuimba nyimbo. Mkulu uja sanandifulumizitse. Anangokhala pachitini chake akupukuta zala. Ndinayankha ndi mawu aang'ono kuti ndine.

Anafunsa ngati ndimaidikira kuti izizire. Ndinati ayi, ndimachokera pamsewu kulunjika kumadzi. Anagwedeza mutu. Anafotokoza kuti chitsulo chotentha chikamizidwa m'madzi ozizira, mpweya wa m'kati umakhwinyata n'kukoka madzi kudzera m'mphepete mwa labala. Sopo amasungunula girizi, mchenga wa mumtsinje umalowa, timipira timayamba kudyana touma. Ndipo tcheni chomwe ndinakunga gwa chija chinkakoka gudumu kumbali, kumalizitsa ntchito.

Ndikuuzeni kuipa kwa matenda anga. Ngakhale pamenepo ndinawafunsa ngati a Matiyasi sanawaimbire foni ndisanafike. Mkulu uja anaseka mpaka kutsokomola. Anati sadziwa Matiyasi aliyense, ndipo madzi a m'gudumu alibe foni. Atasiya kuseka anandifunsa kuti dzanja la munthuyo lili bwanji. Sindinadziwe, chifukwa sindinapiteko kukawaona ngakhale tsiku limodzi. Ndinakhala pansi padothi pomwepo n'kulira, ine bambo wa ana awiri, nkhuku za eni ake zikundizungulira.

Anandisiya mpaka ndinatonthola, kenako anati njinga sidzimanga yokha. Anandituma kusitolo ndi rolamento yakale m'manja kuti ndikagule ena a nambala yomweyo yolembedwa m'mbali mwake, otsekedwa ndi labala mbali zonse ziwiri. Anati ndigule atatu, chifukwa m'chitsulo chonyamula giya ya tcheni mulinso ina, ndipo inamwa madzi omwewo. Kusintha imodzi n'kusiya anzake ndi kudzinamiza. Ndinagulanso timalabala tatsopano totseka fumbi.

Tinatsuka malo a marolamento ndi petulo pang'ono, kupukuta mpaka kuuma, kupaka girizi wochepa. Poika yatsopano anandiletsa kumenya pakati pake. Anati nyundo ikagunda mkombero wam'kati, timipira timaboola njira yake ndipo rolamento yafa isanayende. Anasanjika yakale pamwamba pa yatsopano kuti nkhonya ya nyundo izigwera pamkombero wakunja wokha, ine n'kumagogoda mozungulira mpaka kulira kwa nyundo kunasintha, kusonyeza kuti yafika pansi. Ndinatembenuza gudumu n'kutenga yachiwiri, mkulu uja anangoloza pansanza. Ndinali nditaiwala kachubu kapakati. Anati popanda kameneko, ukamanga nati yaikulu umafinya marolamento onse awiri, sabata siitha asanafe. Tinabwezera zonse motsatana, mtanda uja titaupala dzimbiri ndi kuupaka girizi. Tinaongola gudumu poyang'ana timizere ta mbali zonse ziwiri kuti tifanane, tcheni tinachisiyira mpata wosewera wa zala ziwiri. Nditagwedezanso tayala, linali nji. Nditalizunguza linayenda osamveka.

Marolamento akale aja ndinawakulunga m'pepala lapulasitiki. Sindinapite kunyumba, ndinadutsa Mandimba osaima mpaka ku Ngauma. Ndinapeza amalume ake a Lusiya, ndinapempha kuti aitane onse. A Matiyasi analipo, ankachira kumeneko. Ndinatsanulira zitsulo zija pamphasa, dzimbiri lokhalokha. Lusiya anafunsa ngati chimenechi ndicho achimwene ake anaba. Ndinati sanabe kanthu, njinga ndinaiwononga ndine ndi madzi a mumtsinje, ndipo ndinawanamizira iwo ndi iyenso. Ndinafotokoza zonse momwe ndakufotokozerani inu.

A Matiyasi sanalankhule zambiri. Anati akhululuka chifukwa cha ana a mlongo wawo. Kenako anakweza dzanja kuti ndilione. Chikhakha anali atachotsa, koma zala ziwiri zija zinali zowongoka ngati timitengo, sizinkapinda. Amalume anagamula kuti popeza ndinawatchula wakuba pagulu, ndikawayeretsenso pagulu pomwepo. Ndinabwera pano sabata yotsatira, koma munali ochepa, n'chifukwa chake ndapempha kulankhulanso lero muli ambiri. A Matiyasi si wakuba. Sanamasulepo nati ngakhale imodzi panjinga ija.

Zimene ndachita kuchokera pamenepo ndi izi. Pabaraka ndinasiya, osati chifukwa kachasu anandimenyetsa munthu, dzanja linali langa, koma chifukwa kumeneko kukayikira kwanga kunkapeza oombera m'manja. Njinga ndimaisiya izizire, ndimaitsuka ndi ndowa ndi nsanza, madzi osawalozetsa pakati pa gudumu, ndipo pansi pa madengu ndimayala pulasitiki kuti mafuta a nsomba asadonthe. Loweruka lililonse ndimaiimika pasitandi n'kugwedeza magudumu onse awiri. Masiku atatu a alamu ndimawayendera ine, zomwe ndapeza ndimakasiya kunyumba kwawo. Kukayikira sikunathe, ndisakunamizeni. Dzulo lomweli kasitomala anandiyang'ana nthawi yaitali ndipo mutu unayamba kale kuluka nkhani. Koma tsopano ndikamva choncho ndimayamba ndagwira chinthucho ndi manja, ndimafunsa wodziwa, ndisanatchule dzina la munthu. Inunso njinga ikayamba kulira kumbuyo, gusani pakati pa gudumu mukangoima, gwedezani tayala. Ndi ntchito ya mphindi ziwiri.

Lusiya anabwerera patatha mwezi. Ndinapita kukamutenga panjinga, anakana, anakwera minibasi ya chapa ndi ana, ine ndikutsatira pambuyo. Titafika anandiuza kuti wabwera, aziphika, azichapa, tilere ana, koma panjinga imeneyo sadzakhalapo mpaka tsiku lomwe achimwene ake adzaiyendetsenso ndi dzanja lawo. A Matiyasi amapita kuchipatala kukaongoletsa zala, anawapatsa kampira koti azifinya. Chapakati chayamba kupinda pang'ono. Cholozera sichinayambe, ndipo adokotala sakulonjeza kanthu.

Lachisanu lapitali ndinkachokera kokasiya kasitomala kunjira ya kumalire, ndilibe munthu kumbuyo. Ndinamupeza Lusiya akuchokera kuchigayo, thumba la ufa pamutu, dzuwa likuswa mtengo, thukuta lili chuchuchu. Ndinaima. Ndinamupempha kuti akwere, kamtunda kokha aka, palibe amene aone.

"Chala cha achimwene chapinda?"

"Sichinapinde."

Anatula thumba lija n'kundithandiza kulimanga pampando wakumbuyo, anakokanso chingwe kuona ngati chalimba. Ufa ndinafika nawo kunyumba ndine. Iye anafika patapita ola, wapansi.